PSCAD: pulogalamu yoonera zimene zimachitika m'mawaya a magetsi m'kuphethira kwa diso

Mwa mapulogalamu a pakompyuta amene mainjiniya amagwiritsa ntchito poyerekezera kusokonekera kwadzidzidzi kwa magetsi m'mawaya, PSCAD ndi imene dzina lake likumveka kwambiri masiku ano, makamaka kumene kukumangidwa minda ya sola, makina oyendera mphepo ndi mabatire akuluakulu. Imapangidwa ndi kampani ya Manitoba Hydro International mumzinda wa Winnipeg ku Canada, ndipo mtundu wake wachisanu unatuluka mu 2021. Maganizo anga ndi akuti pa ntchito imene anaipangira, pulogalamuyi ndi yabwino zedi ndipo ndi yovuta kuipezera inzake, koma ndi yodula, imadya nthawi, komanso imafuna manambala amene eni ake a zipangizo sapereka mwachisawawa. Kampani imene ingaigule chifukwa chongomva kutchuka kwake, isanaganizire zinthu zitatuzi, idzakhala ndi layisensi yongogona m'kompyuta.

Kuti phindu lake limveke, ndi bwino kuyambira pa zimene mapulogalamu ena sachita. Pulogalamu ngati PSS/E ya Siemens, kapena PowerFactory ya DIgSILENT ikamagwira ntchito zake za masiku onse, imatenga voteji ndi karenti ngati mafunde osalala a 50 Hz, n'kumangotsatira kukula kwa fundelo ndi ngodya yake. Zimenezi zimakwanira pofufuza mmene magetsi akugawikira m'mawaya, kapena pofuna kudziwa ngati majenereta angapitirize kuyendera limodzi waya wina ukazima. Koma mphezi ikagwera pa nsanja, kapena breaker (siwichi yaikulu ya pasiteshoni) ikatseka n'kulowetsa magetsi m'waya wautali, funde losalala lija limasowa, ndipo chimene chimaswa insuleta kapena kutentha thiransifoma chimakhala chitachitika kale sekondi isanagawike pa 1,000. Funde la mphezi limene zipangizo zimayesedwa nalo m'mafakitale limafika pachimake m'ma microsecond 1.2 ndi kutsika mpaka theka m'ma microsecond 50, ndipo microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. PSCAD imawerengera voteji ndi karenti yeniyeni pa waya uliwonse mwa mawaya atatu amene amanyamula magetsi, pang'onopang'ono, kawirikawiri pa ma microsecond 50 aliwonse. Izi zikutanthauza kuti funde limodzi la 50 Hz imalidula pa 400, ndipo sekondi imodzi yokha imafuna kuti masamu a dera lonse la magetsi, kutanthauza mawaya ndi zipangizo zonse zolumikizana, achitidwe ka 20,000.

Masamu amenewa si a Winnipeg. Anawayala ndi Hermann Dommel, injiniya wochokera ku Germany amene ankagwira ntchito ku Bonneville Power Administration mumzinda wa Portland ku America, ndipo anawasindikiza mu 1969. Nzeru yake inali yakuti pa kanthawi kakang'ono kalikonse, koyilo kapena kapasita ikhoza kulembedwa ngati resistor wamba yokhala ndi gwero la karenti pambali pake, gwero limene kukula kwake kumachokera pa zimene zinachitika m'kanthawi kapitako. Akatero, dera lonse la magetsi limasanduka gulu la ma resistor limene kompyuta imatha kulithetsa mosavuta, kenaka n'kusunthira patsogolo. Pulogalamu ya EMTP inabadwira pamenepa, ndipo pafupifupi mapulogalamu onse a mtunduwu amene alipo lero ndi zidzukulu za ntchito ya Dommel.

Nthambi ya PSCAD inaphuka mu 1975, pamene Dennis Woodford wa ku Manitoba Hydro anayamba kulemba EMTDC chifukwa mapulogalamu amene analipo sankatha kuonetsa bwino khalidwe la mawaya a HVDC (magetsi amphamvu kwambiri oyenda mbali imodzi, osati ngati mafunde) a Nelson River, amene amanyamula magetsi mtunda wa makilomita pafupifupi 900 kuchokera kumadamu a kumpoto kwa Manitoba mpaka ku siteshoni ya Dorsey kufupi ndi Winnipeg. EMTDC ndiye injini imene imachita masamu mpaka lero, ndipo PSCAD ndi nkhope yake, pamene munthu amajambulira dera lake ndi kuonera zotsatira. Nkhopeyi inayamba pa makompyuta a Unix kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kufika pa Windows mu 1999. Mbiri imeneyi ndi yofunika kwa wogula chifukwa ikufotokoza kumene mphamvu za pulogalamuyi zagona: inakulira pakati pa ma valve, masiwichi a m'masiteshoni a HVDC amene amatseguka ndi kutseka kambirimbiri pa sekondi, ndipo dziko litadzaza ndi mainveta (zipangizo zosandutsa magetsi a sola kapena a batire kukhala mafunde oyenda m'mawaya), amene ndi abale a ma valve amenewo, inapezeka kuti ili kale pamalo oyenera.

Njira yabwino yoiyesera ndi kuipatsa funso lakale kwambiri pa ntchito imeneyi, lakuti chimachitika n'chiyani waya wa 400 kV wa makilomita 200 ukalowetsedwa magetsi kumbali imodzi, mbali inayo ili yotsegula. Funsoli silachilendo kwathu, pakuti waya wa Phombeya mpaka Nkhoma ndi wa 400 kV, ndipo wolumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka ndi wa 400 kV wotalika makilomita opitirira pang'ono 200. Mu PSCAD munthu amatsegula laibulale yaikulu imene imabwera ndi pulogalamuyi, n'kukoka gwero la magetsi, breaker, waya ndi mamita oyezera voteji, ndipo m'mphindi zochepa dera limakhala litajambulidwa. Ntchito yeniyeni ili mkati mwa wayawo. Akautsegula, amapeza chithunzi cha nsanja chimene ayenera kuchidzaza ndi kutalika kwa waya uliwonse kuchokera pansi, kutalikirana kwa mawaya, kulendewera kwawo pakati pa nsanja ziwiri, kunenepa kwa waya, kuchuluka kwa timawaya pa mtolo uliwonse, mawaya oteteza ku mphezi amene amakhala pamwamba, ndiponso mmene dothi la m'deralo limakanira magetsi. Pa dothili pulogalamu imaika kale 100 ohm-metre, ndipo ambiri amaisiya nambalayo mmene ilili, ngakhale kuti dothi la m'dambo ndi la paphiri la miyala zimasiyana kutali kwambiri.

Akakanikiza batani loyambitsira, pulogalamu imayamba yasandutsa chojambulacho kukhala malangizo a m'chinenero cha kompyuta cha Fortran, n'kuchimanga, kenaka mizere itatu ya voteji imayamba kuyenda pa sikirini. Breaker ikatseka, kumapeto kwa waya kumakhala zii kwa ma microsecond pafupifupi 670, chifukwa funde limayenda mamita pafupifupi 300 pa microsecond iliyonse. Likafika kumapeto kotsegulako limasowa kopita ndipo limabwerera, monga mmene funde limachitira pa chingwe chomangirira mbuzi pamtengo munthu akachigwedeza, ndipo pobwererapo voteji imawirikiza. Pa waya wa 400 kV chimake cha voteji pakati pa waya umodzi ndi nthaka ndi pafupifupi 327 kV, choncho kuwirikiza kawiri kumaifikitsa cha m'ma 650 kV. Ngati breaker yatsekanso waya usanataye magetsi amene anatsalamo, voteji ikhoza kuyandikira katatu, cha m'ma 980 kV, pamene malamulo a padziko lonse a IEC 60071 amapereka 850, 950 ndi 1,050 kV ngati milingo imene zipangizo za gulu limeneli zimapangidwira kupirira. Kuona mzere wa pa sikirini ukukwera mpaka kukhudza mlingo umenewo kumaphunzitsa msanga chifukwa chake ma breaker a 400 kV amaikidwa ma resistor otsekera kapena kachipangizo kosankha nthawi yotsekera, komanso chifukwa chake ma surge arrester, otayira pansi voteji yopitirira muyeso, amaima pakhomo pa siteshoni iliyonse.

Pa ntchito imeneyi PSCAD ili ndi zinthu ziwiri zimene ndimazitamanda. Choyamba ndi chifaniziro chake cha waya chimene chimazindikira kuti waya sukhala ndi khalidwe limodzi pa 50 Hz ndi pa 50,000 Hz. Chifanizirochi chinachokera ku ntchito imene Morched, Gustavsen ndi Tartibi anasindikiza mu 1999, ndipo chimagwira bwino ngakhale pa mawaya osalingana ndi pa zingwe zapansi panthaka, pamene njira zakale zinkavutika. Chachiwiri ndi kuthekera kobwereza kuyesako kambirimbiri, breaker ikutseka pa nthawi zosiyanasiyana, kuti munthu apeze voteji imene imapitiriridwa kawiri kokha pa maulendo 100, imene ndi nambala yogwiritsidwa ntchito posankha insuleta. Pali lamulo limodzi loti wophunzira alisunge: chifaniziro cha mafunde chimafuna kuti nthawi yoyenda funde pa waya ipose kanthawi kowerengera, choncho pa ma microsecond 50 waya wofupikira makilomita 15 sungalowemo, ndipo munthu ayenera kuchepetsa kanthawiko kapena kugwiritsa ntchito chifaniziro chosavuta cha pi. Pulogalamu imachenjeza za izi, ndipo chenjezolo ndi loyenera kuliwerenga.

Chimene chinandikopa kwambiri, komabe, ndi chinthu chimene sichioneka pa chojambula. Njira ya Dommel ili ndi nthenda yake yodziwika: karenti ya m'koyilo ikadulidwa mwadzidzidzi, voteji yowerengedwa imayamba kudumpha mmwamba ndi pansi pa kanthawi kalikonse, ngakhale kuti pa waya weniweni kudumphako kulibe. Munthu wosazolowera akhoza kuona mano amenewo pa galafu n'kuganiza kuti wapeza vuto lalikulu, pamene ndi phokoso chabe la masamu. Palinso vuto lachiwiri, lakuti thyristor kapena diode, zimene zimagwira ntchito ya siwichi m'ma valve, sidikira kuti kanthawi ka kompyuta kakwane isanazime. Imazima pamene karenti yafika pa 0, ndipo kawirikawiri malo amenewo amagwa pakati pa nthawi ziwiri zowerengera. Pulogalamu ikachedwetsa kuzimako mpaka kanthawi kotsatira, imabweretsa kudumpha kwadzidzidzi kwa voteji ndi mafunde osokoneza amene kulibe. EMTDC imabwerera m'mbuyo, n'kupeza nthawi yeniyeni imene chosinthacho chinayenera kuchitika, n'kusinthira pomwepo, kenaka n'kubwereranso pa mayendedwe ake akale, ndipo ikazindikira mano aja imawafafaniza ndi njira yofanana nayo ya theka la kanthawi. Zotsatira zake ndi zakuti siteshoni ya HVDC ikhoza kuyerekezedwa molondola pa ma microsecond 50 mmalo mwa 1 kapena 2, ndipo kwa munthu amene akudikira kompyuta kusiyana kumeneku ndi kwa maola. Amene akufuna kuona zimenezi ndi maso ake atsegule chitsanzo cha CIGRE (bungwe la padziko lonse la akatswiri a magetsi) cha HVDC cha 500 kV ndi 1,000 MW, chimene chimabwera limodzi ndi pulogalamuyi, aike vuto la waya umodzi kugunda nthaka kumbali yolandirira magetsi, n'kuyang'ana mmene ma valve amalepherera kupatsirana karenti, kenaka n'kudzukanso. Khalidwe limeneli ndi lofunika kulidziwa m'chigawo chathu, popeza ku Songo, m'dera lomwelo la Tete kumene kuli Matambo, ndi kumene kumayambira waya wa HVDC wa Cahora Bassa wa 533 kV, wonyamula 1,920 MW mtunda wa makilomita oposa 1,400 mpaka ku siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg.

Pa thiransifoma pulogalamuyi imachita zoyenera popanda chodabwitsa. Imaonetsa bwino karenti yaikulu imene thiransifoma imakoka ikangolumikizidwa, imene ikhoza kuposa karenti yake yanthawi zonse kangapo ndi kutenga masekondi kuti itsike, ndiponso imaonetsa mmene karenti imeneyo ingagwedezere voteji ya dera lofooka. Vuto ndi lakuti yankho limadalira khalidwe la chitsulo cha mkati chikakhuta maginito, ndipo manambala amenewo sapezeka pa chikwangwani chomatidwa pa thiransifoma.

Chifukwa chenicheni chimene makampani akuthamangira PSCAD lero si mphezi kapena breaker ayi, koma mainveta. Jenereta ya madzi, ngati za ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, imamvera malamulo achilengedwe a chitsulo cholemera chimene chikuzungulira, ndipo khalidwe lake limadziwika kuchokera pa manambala owerengeka. Inveta ya sola kapena ya batire imamvera pulogalamu imene anthu analemba mkati mwake, imene imayeza voteji kambirimbiri pa funde limodzi ndi kupanga chisankho m'ma microsecond. Zimene zachitika m'maiko ena zaonetsa kuopsa kwa kusadziwa zimene zalembedwa mkatimo. Pa 16 August 2016 moto wa m'tchire wa Blue Cut ku California unachititsa vuto pa waya wa 500 kV, ndipo ngakhale kuti vutolo linachotsedwa mwachangu, magetsi a sola okwana pafupifupi 1,200 MW anasowa, ambiri mwa iwo chifukwa mainveta anawerenga molakwika liwiro la mafunde pamene fundelo linapindika. Pa 28 September chaka chomwecho chigawo chonse cha South Australia chinakhala mumdima mphepo yamkuntho itagwetsa nsanja za 275 kV. Voteji inatsika kangapo motsatizana, ndipo minda isanu ndi inayi ya makina amphepo inachepetsa 456 MW chifukwa ya chitetezo chowerenga kuchuluka kwa kutsikako, chimene bungwe loyendetsa magetsi la AEMO silinkachidziwa. Pa 9 August 2019 mphezi inagwera waya wa 400 kV ku England, munda wa makina amphepo wa m'nyanja wa Hornsea unataya 737 MW, ndipo makasitomala oposa 1,000,000 anazimitsidwa magetsi. Ku Odessa m'chigawo cha Texas, mu May 2021, vuto limodzi linachotsa magetsi a sola oposa 1,000 MW m'minda yotalikirana.

Ndikofunika kunena mosabisa kuti PSCAD payokha sikanaletsa chilichonse mwa zimenezi, pakuti pulogalamu singaonetse chitetezo chimene sichinaikidwe m'chifaniziro. Chimene imachita ndi kupereka malo amene pulogalamu yeniyeni ya m'inveta, imene wopanga wake waimanga n'kuitsekera, ikhoza kulumikizidwa ndi chifaniziro cha mawaya n'kuyesedwa ndi mavuto osiyanasiyana munda usanamangidwe. Ndi chifukwa chake AEMO ku Australia ndi ERCOT, bungwe loyendetsa magetsi ku Texas, amalamula omanga minda kupereka zifaniziro za PSCAD asanalumikizidwe, ndipo lamulo limeneli lachititsa kuti pafupifupi kampani iliyonse yaikulu yopanga mainveta ikhale ndi chifaniziro cha PSCAD chokonzeka kale. Mwayi umenewu ndi umene opikisana nayo akuvutika kuufikira, ndipo suchokera ku ubwino wa masamu okha koma ku kuchuluka kwa anthu amene anazolowera kale chida chimodzi. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mavuto a mainveta amakula pa mawaya ofooka, kumene majenereta ali kutali ndipo voteji imagwedezeka ndi kusintha kulikonse kwa karenti. Munda wa sola wa 60 MW wa ku Salima, umene unatsegulidwa mu 2021, ndi wa 20 MW wa ku Golomoti, umene uli ndi batire la 5 MW, uli m'chigawo chapakati, pamene majenereta akuluakulu ali pa mtsinje wa Shire kummwera. Ndipo 60 MW, imene ku Texas ndi yochepa, kuno ndi gawo looneka la magetsi a dziko lonse masana.

Zofooka za pulogalamuyi zimayambira pamalo omwewo pamene pali mphamvu zake. PSCAD singayende popanda compiler ya Fortran, pulogalamu imene imasandutsa malangizo olembedwa kukhala chinthu chimene kompyuta ingayendetse. Imene imapezeka mwaulere, GFortran, imakwanira pa zitsanzo ndi pa ntchito za wophunzira, koma zifaniziro zambiri za opanga mainveta zimamangidwa ndi compiler ya Intel, imene imadaliranso zida za Microsoft Visual Studio, ndipo chifaniziro chomangidwa ndi mtundu wina wa compiler chikhoza kukana kuyenda ndi mtundu wina. Pamene kafukufuku akufuna minda itatu ya makampani atatu osiyana m'dera limodzi, si zachilendo kupeza kuti zifaniziro zake zikufuna compiler zosiyana ndi nthawi zowerengera zosiyana, china ma microsecond 20, china 10, china ochepera apo, ndipo masiku amatha injiniya akulimbana ndi kompyuta asanayambe za magetsi. Popeza zifanizirozo ndi zotsekedwa, inveta ikazima m'kuyerekezako munthu sangaone chimene chaizimitsa pokhapokha wopanga ataika chizindikiro chake panja, ndipo amayenera kulemba kalata n'kudikira yankho. Vuto limeneli silichokera kwa opanga PSCAD okha, koma wogula ndiye amalisenza, choncho liyenera kuwerengedwa pa mtengo.

Chofooka chachiwiri ndi poyambira. PSCAD kawirikawiri imayamba dera lili lozima, ndipo munthu ayenera kulidzutsa mwadongosolo: majenereta amayamba ngati magwero wamba a voteji, kenaka amamasulidwa kukhala makina, kenaka liwiro lawo limamasulidwanso, pamene mainveta amatenga masekondi angapo kuti afike pa mphamvu imene akufunika. Pali njira yosungira chithunzi cha dera likakhazikika kuti ulendo wina ayambire pomwepo, ndipo imathandiza kwambiri, koma si zifaniziro zonse za opanga zimene zimagwirizana nayo. Kubweretsa dera lalikulu kuchokera ku PSS/E kapena PowerFactory kumafuna chida china chogulidwa padera, monga PRSIM ya kampani yomweyo kapena E-TRAN ya Electranix. Pa liwiro, opanga achitapo kanthu polola kuti dera ligawidwe pa mawaya aatali, gawo lililonse n'kuyenda pa mutu wakewake wa purosesa, nzeru imene ikutheka chifukwa funde limatenga nthawi kuti liwoloke waya. Ngakhale zili choncho, masekondi 20 a dera lokhala ndi minda yambiri amatha kudya maola, ndipo laputopu wamba ya muofesi singakwanitse.

Za mtengo ndinena mwachidule. Pali mtundu waulere umene umalola mfundo za magetsi 15 zokha, ndipo popeza malo amodzi olumikizirana mawaya atatu amadya mfundo zitatu, dera la malo asanu ndiye mapeto ake. Ndi wokwanira kuphunzirira breaker, thiransifoma ndi inveta imodzi yaing'ono, osati kuchitira ntchito yolipidwa. Masukulu a ukachenjede ali ndi mtengo wawo wotsikirapo. Mtundu wathunthu mtengo wake amaupereka munthu akafunsa, umalipidwa m'ndalama zakunja, ndipo pamwamba pake pamabwera ndalama za chaka ndi chaka za chithandizo, zimene kwa kampani yaing'ono ya alangizi ku Blantyre kapena ku Lusaka si nkhani yamasewera. Pulogalamuyi imayenda pa Windows basi. Buku lake lothandizira ndi lolembedwa bwino, zitsanzo ndi zambiri, ndipo kuyendetsa mayeso ochuluka kudzera mu Python kumagwira ntchito modalirika.

Sikuti PSCAD ili yokha pamsika, ndipo pa mafunso ena si imene ndingasankhe. ATP inayambitsidwa mu 1984 ndi Scott Meyer ndi Tsu-huei Liu, amene sanagwirizane ndi maganizo ogulitsa EMTP, ndipo mpaka lero imaperekedwa popanda malipiro a layisensi kwa amene asaina chilolezo kudzera m'magulu a ogwiritsa ntchito. Nkhope yake, ATPDraw, inalembedwa ndi Hans Kristian Høidalen wa ku Trondheim ku Norway. Mafayilo ake akadali ndi chikhalidwe cha makhadi oboola akale a zilembo 80 pa mzere, ndipo uthenga wake wa zolakwika umafuna kuleza mtima, koma pa mphezi, pa kutseka kwa breaker ndi pa kusankha surge arrester imapereka mayankho amene mainjiniya akhala akuwadalira kwa zaka 40. Funso la waya wa makilomita 200 lija ATP ikhoza kuliyankha bwinobwino popanda kampani kulipira kalikonse, ndipo wophunzira wa ku MUBAS kapena ku University of Zambia amene akufuna kumvetsa mafunde ndingamulangize ayambire pamenepo. EMTP yatsopano, imene inalembedwanso kuyambira pachiyambi motsogozedwa ndi Jean Mahseredjian wa ku Montreal n'kutuluka mu 2003, imaposa PSCAD pa chinthu chimodzi chachikulu: imatenga kagawidwe ka magetsi kowerengedwa kale n'kuyamba dera lili lokhazikika, ndiponso sifuna compiler kuti iyende. Pa dera lalikulu lodzaza majenereta imeneyi ndi mphatso. PowerFactory ili ndi gawo lake la EMT, lowerengera kusokonekera kwadzidzidzi monga imachitira PSCAD, limene ubwino wake ndi wakuti manambala onse amakhala m'nkhokwe imodzi, ndipo kampani imene ili nayo kale iyenera kuyesa gawo limenelo isanagule china. Simulink ya MathWorks ndi yabwino popanga ubongo wa inveta, koma imalemedwa dera likakula. Amene akufuna kulumikiza relay yeniyeni (chipangizo cholamula breaker kuti idule magetsi pakakhala vuto) ku dera loyerekezera akufunika makina a mtundu wina, monga a RTDS Technologies, kampani ya ku Winnipeg komweko imene inakhazikitsidwa mu 1994, kapena a OPAL-RT ya ku Montreal, ndipo mtengo wake ndi wa gulu lina.

Amene ndikuona kuti PSCAD ikuwayenera ndi bungwe loyendetsa mawaya akuluakulu a dziko, limene likulandira mapempho olumikiza minda ya sola ndi mabatire, komanso alangizi amene ntchito zotere zimawapeza chaka chilichonse. Kwa iwo layisensi imodzi kapena ziwiri, kompyuta yamphamvu ndi mainjiniya awiri opatsidwa nthawi yeniyeni yophunzira, osati sabata imodzi ya maphunziro yokha, ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi thiransifoma imodzi ya 400 kV kapena tsiku limodzi la mdima m'dziko lonse. Kampani imene kafukufuku wotere imamufuna kamodzi pa zaka zingapo ichita bwino kulemba ganyu akatswiri, koma iwalamule kuti posiya ntchito asiye mafayilo onse a chifaniziro, osati lipoti lokha.

Chofunika kuposa zonsezi chimachitika pulogalamu isanatsegulidwe, pa nthawi yosaina mgwirizano ndi womanga munda kapena wogulitsa zipangizo, chifukwa ndalama zikalipidwa mphamvu yokakamiza imatha. Mgwirizano uyenera kunena kuti chifaniziro cha inveta chidzakhala chomangidwa kuchokera ku pulogalamu yeniyeni ya m'chipangizocho, chokhala ndi zitetezo zonse ndi manambala omwewo amene adzaikidwe pamalo, kuti chidzayenda pa mtundu wa PSCAD ndi compiler zimene wogula ali nazo, ndiponso kuti wopanga akasintha pulogalamu ya m'inveta adzatumiza chifaniziro chatsopano. Wogulitsa thiransifoma apereke zotsatira za mayeso a m'fakitale pamodzi ndi khalidwe la chitsulo chikakhuta maginito, womanga waya apereke zojambula za nsanja ndi miyeso ya dothi imene anayeza m'njira monse, ndipo munda ukayamba kugwira ntchito, zimene makina ojambula mavuto adzagwire pa vuto loyamba lenileni ziyikidwe pambali pa galafu ya PSCAD kuti zionedwe ngati zikufanana.